Khutu Lachitatu pa Foni ya a Raston

Foni ikalira Lachisanu masana, Lusungu ankasiya chilichonse chimene wagwira. Kaya mpunga uli pamoto, kaya zovala zili m'beseni, zonsezo zinkayamba zadikira. Ankadziwa kuti anthu atuluka mu mzikiti, ndipo Ibrahimu wake wathamangira kale ku byuro ya mafoni ya Maness kumsika wa pa boma, kofia ikadali kumutu. Nthawi ngati imeneyo bambo ake, a Raston, ankakhala ali kudoko kuyang'anira maboti awo a usipa, ndiye mtsikana ankalankhula momasuka, miyendo ili pampando, ngati nyumba ndi yake.

Foni yakeyo sinali foni wamba, abale. Zinali zaka zija zipani zitangochuluka, katundu wachilendo akulowa m'dziko muno mopanda womufunsa, atsikana a pa boma atayamba kuyesa mathalauza. Foni ya a Raston inalibe chingwe. Kabokosi kake kankakhala kuchipinda kwawo, eriyo ili pansonga pa mtengo wa bulugama kuseri kwa nyumba, koma cholankhulira munthu ankatha kupita nacho kukhitchini, ngakhale kudimba, n'kumamvana bwinobwino ndi wa ku Lilongwe. Anthu ankachita kubwera kudzaona.

Amene anabwera nayo kuchokera ku Dar ndi Kingston. Ameneyu ndi mnyamata uja wa sitolo ya mawailesi ndi kaunjika yogundizana ndi chigayo, wopisira malaya nthawi zonse, wa perefyumu womveka mwini wake asanatulukire. Kwawo kunali ku Usisya, kumene a Raston nawo anachokera, ndipo tchalitchi chinali chimodzi. Foniyo anaipereka ngati mphatso, nailumikiza yekha pabalaza, kenako a Raston anasamutsira kabokosiko kuchipinda poopa akuba. Ndani sankadziwa kuti mphatsoyo inali ndi mbedza? Kingston ankafuna Lusungu, ndipo a Raston mumtima mwawo anali atamupatsa kale.

Za Ibrahimu sankafuna n'kumva komwe. Chifukwa china sankamupeza nacho ayi, mnyamatayo anali waulemu, wosamwa, wolimbikira. Koma anali wa kumzikiti, ndiponso mwana wa pano pa Nkhotakota. Anamuuza mwana wawo maso ali gwa kuti tsiku limene adzamugwire akukumanabe ndi mnyamatayo, akwera sitima ya panyanja kupita ku Usisya kwa ankhazi ake, alongo awo a Raston, ndipo sadzabwerako mpaka atakwatiwa. Chiyembekezo cha awiriwa chinali chimodzi basi: amjomba ake a Ibrahimu, ndiye kuti amalume ake, a Rashidi a ku Kanyenda, afike pakhomopo modzidzimutsa ndi mawu ofunsira mbeta. A Raston anali aukali, koma munthu wamkulu atakhala kale pakhonde sakanamuthamangitsa. Chofunika chinali chakuti asadziwiretu tsiku.

Koma ndiye zinsinsi za awiriwa zinkadontha ngati ndowa yobooka.

*

Akapangana pa foni kuti akumane pa geti la chipatala, Lusungu ankapeza Kingston ataima pomwepo ndi njinga yake yamoto, akumwetulira, ati wabwera kudzazonda wodwala. Atapangana zokaonana ku ukwati wa mnzawo ku Malengachanzi, m'mawa wa tsikulo a Raston anangoti lero palibe wotuluka pakhomo pano. Chimene chinamuswa mtima Lusungu chinali cha mpango. Tsiku lina, mocheza, anauza Ibrahimu kuti anayesa kufunda mpango ngati mmene amafundira akazi a Chisilamu, ndipo pagalasi anadziona kuti wakongola zedi. Anaseka onse awiri. Mawa lake bambo ake, akusamba m'manja, anamufunsa osamuyang'ana ngati mipango ya kumzikiti ikumukhala bwino.

Mawu amenewo anauza munthu mmodzi yekha padziko lapansi. Ndiye Lachisanu lotsatira foni italira, Lusungu anaitenga magazi akuwira. Moni sanayankhe n'komwe. Anamulalatira Ibrahimu kuti ndi mwamuna wa pakamwa, wodzitama pa bawo, wotenga mawu a mkazi n'kukawayala pamsika ngati tomato. Mnyamata analumbira pali Mulungu, analumbira pali mayi ake, kuti sanauzepo munthu. Lusungu anati ndiye kuti ziwanda ndi zimene zikuuza adada. Ibrahimu naye anapsa mtima, nafunsa ngati si iyeyo amene amaulula kwa Kingston akamukweza panjinga yamoto ija. Apo ndiye zinafika poipa. Lusungu anali asanakwerepo njinga imeneyo chibadwire, ndipo misozi inayamba kulengeza.

Onse anakhala chete, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe kupepesa. M'chetemo ndi mmene Lusungu anamvera kaphokoso, kutali m'foni, kuti gu gu gu gu, kenako kulira kwa lamba akamaterereka.

"Kodi Maness wagula chigayo?" anafunsa, mawu akadali aukali.

"Chigayo chanji? Ine ndimayesa chikulira kwanuko," anatero Ibrahimu. "Kuno kuli zii."

Kwa a Raston kunalibe chigayo, ngakhale kwa oyandikana nawo. Pa boma ponse chigayo cha lamba wolira choncho chinali chimodzi, ndipo Lusungu ankaidziwa sitolo imene inagundizana nacho. Mtsikanayu mutu unkagwira ntchito, ndikukuuzani. Sanakuwe, sanatchule dzina. Anangoti, ndi ukali womwe uja, chibwenzi chatha, asadzamuimbirenso, n'kudula foni. Kenako anavala nsapato, natenga basiketi ngati wopita kukagula anyezi, n'kuuyatsa ulendo wa kumsika. Mayi ake anali ku Dwambazi kodwazika achemwali awo, ndiye panalibe womufunsa.

*

Anamupeza Ibrahimu atakhala pabenchi kunja kwa byuro, kofia ili m'manja, nkhope ngati wochokera kumaliro. Atamuona anadzambatuka, osadziwa kuti aseke kapena athawe. Lusungu anangomugwira malaya n'kumukokera m'kati, kuseri kwa katani, kumene Maness ankasungira zakumwa. Anafotokoza zonse mwachangu, mawu akupunthwana okhaokha.

Maness, mayi wojintcha wa ndolo zikuluzikulu amene ankadziwa zibwenzi zonse za pa boma, anawomba m'manja kamodzi. Anati mafoni a mtundu umenewo anawaonapo kwa mlamu wake ku Salima, ndipo m'katoni mwake mumakhala zolankhulira ziwiri, osati chimodzi. Kabokosi kaja sikadziwa mwini nyumba, anatero, kamangoyankha cholankhulira chilichonse chimene chinatcheredwa mofanana nako. Foni ikalira kwanu imaliranso kwa amene wasunga chinacho, ndipo akadina batani amamva zonse ngati wakhala pakati panu.

Ibrahimu anafuna kupita nthawi yomweyo kukamuthyola khosi Kingston. Lusungu anamuletsa, anati ayambe atsimikiza. Anamutuma kuti akaime kuseri kwa sitoloyo, pafupi ndi zenera, ngati munthu wodikira ufa pachigayo. Iye anatsala, nayimba nambala ya kunyumba kwawo, kumene ankadziwa kuti kulibe munthu, n'kuisiya kuti ilire mpaka itope.

Posakhalitsa Ibrahimu anatulukira akuthamanga, maso ali psuu. Anati yalira. Mwamwayi chigayo chinali chitapumira, ndiye anaimva bwinobwino ikulira m'kachipinda ka kuseri. Anamuona ndi maso ake Kingston akusiya kasitomala chiimire, akutseka chitseko, akutulutsa chinthucho m'katoni ya nsapato n'kuchiika kukhutu. Anati munthuyo anachita kukhala pansi mwadongosolo, mwendo pamwamba pa unzake, ngati akumvera sewero la pa wailesi.

Lusungu anaseka, kenako analira, kenako anasekanso. Manyazi anamugwira atakumbukira zonse zimene ankanena pa foni ija, timawu tija munthu amanena akadziwa kuti akumva ndi mmodzi yekha. Koma chimwemwe chinaposa manyazi, chifukwa Ibrahimu wake sanali wa pakamwa. Anamuyang'ana, napepesa ndi mawu apansipansi.

"Wandipha lero, Lusu," anatero mnyamatayo. "Pamene unati chatha paja, ndinaona ngati dziko latha. Ndimaganiza zongolowera ku Joni, kaya ndikanakafikako bwanji."

"Ukanapita ndikanakulondola. Ndiwe wanga iwe, ngakhale uli wopepera."

Maness anatsokomola, nawakumbutsa kuti katani si khoma.

*

Mankhwala ake analipo, ndipo sanali ovuta. Maness anati kunsi kwa kabokosi kuli kachitseko, m'kati mwake muli timabatani ting'onoting'ono tondandana ngati mano a chipeso. Timodzimodzi tili kuseri kwa batire la cholankhulira. Anthu ambiri amatisiya mmene tinabwerera kuchokera ku fakitale, n'chifukwa chake akuba mawu savutika. Ukatikankha ndi singano, tina m'mwamba tina pansi, mofanana m'kabokosi ndi m'cholankhulira chako, basi watseka pakhomo. Cha Kingston chingosanduka chidole.

Ibrahimu anaganiza zina. Anati bwanji azisiye mmene ziliri, Kingston azimvabe, iwo azimudyetsa mabodza mpaka amjomba afike. Ankadziwa pamene kabokosiko kali, ndipo Lusungu nayenso ankadziwa. Kuyambira pamene anatha msinkhu anali asanapondemo kuchipinda kwa bambo ake. Mwana wamkazi wamkulu salowa m'menemo, kaya ku Usisya kaya kuno kwa eni dera. Akafuna kanthu ka m'chipindamo ankaima patali n'kuitana mayi ake. Ndiye Ibrahimu anamupempha kuti ngati akufunadi kutseka foniyo, adikire mayi abwere kuchokera ku Dwambazi.

Nzeru inali yabwino imeneyo. Koma mumamudziwa Lusungu inu? Anati iye sangagonenso m'nyumba imene mwamuna wina waikamo khutu lake. Anati wodwala wa ku Dwambazi sakudziwika tsiku lochira, ndipo Ibrahimu akakapangana tsiku ndi amjomba ku Kanyenda, adzamuuza bwanji ngati si pa foni? Kumsika kuno sangabwerenso, maso ndi ambiri. Komanso, ichi sananene mokweza, ankafuna kumva mawu a bwenzi lake ali awiriwiri, ngakhale kamodzi kokha.

Mawa lake, a Raston atangonyamuka kupita kudoko, anakhoma chitseko cha kumaso, nayima pakhomo la chipinda chija nthawi yaitali, singano ili m'manja. Anavula nsapato, kaya chifukwa chiyani, n'kukankha chitseko. Munkamveka fungo la jekete la adada ndi mafuta odzola a amama. Bedi sanaliyang'ane n'komwe, nkhope anaitembenuzira kukhoma. Kabokosi kanali patebulo pafupi ndi Baibulo, kataphimbidwa ndi kansalu koluka. Pofulumirapo singano inaterereka kangapo n'kukanda pulasitiki. Anakankha timabatani tija, nafananitsa ta m'cholankhulira, n'kutulukamo chobwerera m'mbuyo, thukuta lili kamukamu.

Masana Maness anaimba monga anapanganirana. Foni inalira kwa a Raston. Kuseri kwa sitolo ya Kingston, kumene Ibrahimu anakaimanso ngati wodikira ufa, kunali zii. Lusungu atauzidwa zimenezo anavina yekha pabalaza, cholankhulira chili pachifuwa.

*

Masiku otsatirawo anali okoma ngati nzimbe ya ku Dwangwa. Ibrahimu sankadikiranso Lachisanu. Ankalankhula zonse zimene anazisunga mumtima: za nyumba imene adzamange cha ku Kanyenda, ya malata, ya khonde loyang'ana kumsewu, ndi za ana, amene Lusungu anati woyamba adzamutcha yekha dzina, Ibrahimu nati tidzaona. Za chipembedzo anagwirizana kuti palibe wokoka mnzake ndi chingwe. Pena ankangomvetsera kupuma kwa wina ndi mnzake.

"Nenanso za mpango zija," anapempha Ibrahimu tsiku lina. "Poyamba paja tinagawana ndi munthu wina. Ndikufuna ndizimve ndekha."

"Waganiza ndi nyimbo yoti n'kubwereza? Udzauona wekha mpangowo, ukadzakhala ndi khalidwe."

A Raston nawo anayamba kuseka m'nyumba, chifukwa nkhani yomaliza imene inawapeza inali yakuti chibwenzi chatha. Anamugulira mwana wawo chitenje chatsopano, namuuza kuti wayamba kukula.

Kingston ndiye anali pa moto. Ankadutsa pamsewu ndi njinga yake n'kumayang'ana eriyo ija pamwamba pa bulugama, ngati munthu amene nkhuku yake yalowa kwa eni. Lamlungu potuluka m'tchalitchi anamutsatira Lusungu, akukankha njinga pambali pake, perefyumu ali fwaa. Anati wamva kuti mtima wake tsopano uli pa mpumulo, ndipo iye ngati m'bale wa kumudzi wakondwa nazo. Anati mkazi ngati iyeyo ndi woyenera sitolo, osati fungo la nsomba. Lusungu anamufunsa mwaulemu kuti zimenezo wazimva kwa yani, iye nati pa boma pano nkhani sigona. Atayenda pang'ono, Kingston anafunsa, ngati zongodutsa, kuti kodi foni ija ikugwirabe ntchito? Masiku ano sakuimva bwino akaimbira adada.

Apa Lusungu akanangoti ikugwira, n'kupitiriza ulendo wake. Koma lilime linamuyabwa, mwana wa eni.

"Ikugwira bwino kuposa kale, achimwene. Kale munkamveka chigayo m'menemo, koma pano chinatha."

Kingston anaima. Kumwetulira kunatsala pamilomo pokha, maso ataumiratu. Lusungu anafika kunyumba n'kudzigwetsa pamkeka, akufa nako kuseka. Sanaganize n'komwe kuti wamuuza mdani wake pamene pali bala.

Kenako uthenga unafika pa foni yotsekedwa bwino ija. Amjomba avomera, abwera Loweruka m'mawa a Raston asanapite kudoko. Ibrahimu, monga mwa mwambo, safika pakhomopo, akadikirira pansi pa mtengo wa mango pa mphambano. Anati wagula malaya atsopano, ngakhale palibe amene adzawaone.

*

Loweruka a Rashidi anafikadi, mkulu wa ndevu zoyera, atavala mkanjo wosita bwino, ndodo ili m'manja. Anaodira pabwalo mofatsa. A Raston anatuluka chipewa cha kunyanja chili kale kumutu, ndipo atawaona nkhope inagwa, koma anachita zimene Lusungu ankayembekezera. Anavula chipewa, naitanitsa mipando ndi tiyi. Lusungu anapereka tiyiyo atagwada, n'kubwerera kukabisala kuseri kwa chitseko cha pabalaza.

Ndiye zodabwitsatu. Akuluakuluwo anayamba ndi za mwera, za usipa umene wasowa chaka chino, kenako zinadziwika kuti a Rashidi ankawadziwa malemu bambo awo a Raston, anakoka nawo khoka limodzi kalekale. A Raston anaseka, kuseka kwenikweni. A Rashidi anayamba kuzungulira pang'onopang'ono kulunjika pa nkhani, anati kwawo kuli tambala amene waona msoti pakhomo pano. A Raston sanawadule. Kuseri kwa chitseko Lusungu anadziluma chala kuti asakuwe ndi chimwemwe.

Pomwepo njinga yamoto inalira pabwalo.

Kaya anamuuza ndani, kaya anangoona mkanjo woyera ukulowera kwa a Raston n'kudziwiratu. Kingston anatsika ndi kaphukusi, napereka moni monjuta ngati mwana wabwino. Anapepesa posokoneza akuluakulu, anati sachedwa, wangobweretsa kamphatso: cholankhulira chachiwiri, chafika dzulo lomweli kuchokera ku Dar, kuti china adada azipita nacho kudoko. A Raston, amene ankakonda kuonetsa foni yawo kwa alendo, anachilandira monyadira n'kudina batani kuti a Rashidi amve. Zii. Anadinanso. Zii.

Kingston anachita ngati wadabwa kwambiri, napempha kuti atulutse kabokosi aone. A Raston analowa kuchipinda okha n'kubwera nako. Mnyamatayo anakatembenuza, natsegula kachitseko, n'kuimba mluzu.

"Adada, ine timabatani iti ndinatisiya tonse tili pansi. Taonani mmene tiliri. Taonani zokandika izi, n'zatsopano. Wina wagwira kabokosi aka."

A Raston anati n'zosatheka. Kabokosiko sikatuluka kuchipinda, ndipo amene amalowamo ndi iwo ndi akazi awo, amene ali ku Dwambazi. Kingston anapukusa mutu mwachisoni. Anati iye safuna kunamizira munthu, koma zinthu izi amadziwa ndi anthu ozolowera mafoni, monga anyamata amene amaswera ku byuro ya Maness, ndipo masana pakhomo pano pamatsala mtsikana yekha. Dzina sanatchule. Anangoyang'ana a Rashidi.

A Raston anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Anafunsa a Rashidi, mawu ali pansi, ngati mnyamata wawo ndi amene walowa m'chipinda chimene iwo amagona ndi akazi awo, kenako n'kutuma amjomba ake kudzamwa tiyi. Anati ngati zili choncho nkhaniyi si ya ukwati ayi, ndi ya kupolisi.

Lusungu anaona zonse zikugwa. Akakhala chete, pofika masana Ibrahimu akhala atasanduka wakuba ndi wachigololo pa boma ponse, chifukwa cha singano imene sanaigwire n'komwe. Zoti akalankhula chimuchitikire n'chiyani sanamalize kuziganiza. Anangozindikira ali pakhonde, atagwada pa simenti.

"Adada, Ibrahimu sanapondepo pakhomo pano. Kuchipinda kwanu ndinalowa ndine. Ndinalowa ndekha."

Ananena zonse, misozi ikutsika koma mawu osadukiza: za chigayo chomveka m'foni, za mpango, za katoni ya nsapato. Anawapempha bambo ake kuti achiyang'ane bwino cholankhulira chimene akuti chafika dzulo. A Raston anachitembenuza. Manambala a pa mabatani anali atafufutika ndi chala, ndipo m'timipata monse munali fumbi la ufa. Iwo nthawi yonseyi ankayesa kuti Kingston nkhani zija amazitola kumsika. Munthu ankachita kuona kuti akukumbukira zawonso zimene analankhulapo pa foni imeneyo, za matenda a m'banja, za kukangana kwawo ndi alongo awo, timawu tawo ndi akazi awo akaimba kuchokera ku Dwambazi.

Sanakuwe. Anamuuza Kingston m'chinenero cha kwawo mawu ochepa amene Lusungu anali asanawamvepo pakamwa pa bambo ake, n'kumulozera kumsewu. Njinga nayo inakana kulira, moti anachita kuikankha mpaka kutuluka pabwalo, malaya atapisuka.

Mtima wa Lusungu unadumpha. Anaganiza kuti basi, zatheka. Bambo ake sanamuyang'ane, koma anatembenukira kwa mlendo ndi nkhope yofewa, napepesa chifukwa chonamizira mnyamata wosalakwa, n'kunena kuti apitirize mawu aja a tambala, iwo akumva. A Raston omwe aja! Mtsikana anafuna kuwagwira miyendo.

Koma a Rashidi anali atatola kale ndodo yawo. Anaimirira pang'onopang'ono, nakonza mkanjo.

"Bambo Raston, tiyi tamwa, ulemu wanu tauona. Koma mawu amene ndinabwera nawo ndibwerera nawo. Mwanayu wanena zoona, Mulungu amudalitse. Kungoti mayi ake a mnyamata akakandifunsa kuti mwapeza mkazi wotani, ine ndikayankha chiyani? Ndikati ndi uja analowa kuchipinda kwa bambo ake?"

Anatsika pakhonde osacheuka. A Raston sanawaletse, chifukwa mwambo umene mkuluyo anatchula unali wawo womwe. Lusungu anatsala chigwadire, maso ali kumsewu. Pa mphambano paja anaona Ibrahimu akudzambatuka pansi pa mango, malaya atsopano akuwala, mano onse ali pamtunda, akuthamangira amjomba ake manja ali m'mwamba. Mkuluyo anamudutsa osaima.